Ulendo Wopempherera Kuti Magetsi Asabwere

Ku Nangongwe aliyense amadziwa kuti magetsi akazima, woyamba kutukwana ndine. Koma pali Lachisanu lina limene ndinakhala m'basi kuchokera ku Chipata mpaka ku Kafue ndikupempha Mulungu kuti magetsi asabwere.

Nkhani yake ndi ya kompyuta. Atatichotsa ntchito ku fakitale, anzanga ena anagula maminibasi, ena anamwera. Ine ndinagula ziwalo za kompyuta chimodzichimodzi, ndinaimanga ndekha patebulo la kunyumba, n'kutsegula kashopu ka magemu pafupi ndi msika. Anthu amalipira kuti asewere mpira ndi mpikisano wa magalimoto pa sikirini yaikulu. Chiwalo chodula kuposa zonse ndi khadi ya zithunzi, imene imachititsa kuti gemu iziyenda mosadukiza. Khadi imeneyo inadya mbali yaikulu ya penshoni yanga. Itapsa, ina sindingagule, ndipo shopu ingathere pomwepo.

Nyengo yotentha itafika, kompyutayo inayamba kuzima yokha. Ukaiyatsa inkakhala bwinobwino, koma gemu ikafika polemera, thi, yazima, kenako n'kudziyatsanso. Ndinayamba ndi zapafupi. Ndinachotsa adaputala n'kuilumikiza pakhoma penipeni, sizinasinthe. Ndinaipemerera fumbi lonse, ndinasinthanitsa timakhadi ta memore, chimodzimodzi. Ndinakangana ndi neba wanga wowotcherera zitsulo, ndikunena kuti makina ake akukoka magetsi anga, koma tsiku limene iye sanatsegule n'komwe inazimabe. Pomaliza ndinatenga mita yoyezera magetsi n'kuigusa pa waya wachikasu ndi wakuda. Pamene payenera kukhala mavoti a magetsi khumi ndi awiri, gemu ikalemera nambala inkagwa. Wodwala anali pawa sapulai, kabokosi kamene kamalandira magetsi a pakhoma n'kuwagawira ziwalo zonse. Kuzimazima kwa magetsi kunali kutaitopetsa.

Ndinaitanitsa ina ku shopu ya ku Lusaka. Ya mtundu wakalewo inali itatha, ndiye ndinavomera ya kampani ina. Isanafike, amalume anamwalira kumudzi, kupitirira Chipata. Makiyi a shopu ndinasiyira mlamu wanga Yotamu, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga, munthu wa ndevu zake koma wosamva za wina.

Maliro atatha, Amake Dali, mkazi wanga, anatsalira kumudzi kuthandiza amayi anzake. Ine ndinakwera basi ya m'mamawa ku Chipata. Mpando ndinapeza wa pawindo, pambali panga pali mayi wonenepa wogulitsa mtedza, amene anandiuza kuti ndi a Zulu tisanatuluke n'komwe m'tauni. Zonse zinali bwino mpaka ku Katete. Kumeneko foni inalira.

"Ba mulamu, katundu yafika," anatero Yotamu. "Nizaika neka. Mailo, Loweruka, ma gaizi bali na kompetishoni, ninabalonjeza."

"Osagwira. Nili mu njira, nizafika lelo."

"Ni vinthu ving'ono ivi, ma sikuluu chabe. Mashini naibweretsa kuno kwa bamayo ku Estates, chifukwa malaiti yabwera mumazulo kuno, ku Nangongwe yachedwa. Na ma waya sinizachosa. Yakale yangena bwino bwino mu iyi yanyowani."

Mawaya a pawa sapulai zamakonozi amachoka, ndipo mapulagi ake amaoneka ofanana. Koma kampani iliyonse imayala mawaya m'kati mwa pulagi mwa njira yake. Ukatenga waya wa kampani ina n'kuulowetsa m'bokosi la kampani ina, umalowa mosavuta, koma moto umadutsa pamene sipayenera kudutsa moto. Ukangodina batani, khadi yapsa. Sipakhala kuyesanso kachiwiri.

Mawu amenewa ndi amene ndinayenera kumuuza. M'malo mwake pakamwa panga panatuluka zina.

"Iwe ndiwe chipuba? Munthu wamene unakangiwa giredi naini ufuna kunigwirira mashini yanga? Ukagwira nizakutyola manja."

Basi yonse inacheuka.

"Ine sinine mwana wanu, ba mulamu," anatero Yotamu mofatsa. "Muzaipeza iseweza."

Anadula. Ndinaimbanso, sinalowe. Ndinalemba uthenga wautali wofotokoza za mawaya, sunafike. Anali atanditsekera nambala.

"Mwamutukwana bwino," anatero a Zulu akusenda mtedza. "Manje azamvera."

Chimene chinkateteza khadi yanga nthawi imeneyo chinali chimodzi chokha: ku Estates kunalibe magetsi. Dzuwa likapendeka magetsiwo abwera, ndipo Yotamu adina batani.

Ku Sinda sitinachedwe. Ku Petauke ndiko tinakhala. Kondakitala anapeza munthu wa matumba a mtedza ndi nyemba, ndipo anayamba kutsitsa katundu yense m'buti kuti alongedze bwino. Ndinatsika n'kumufunsa ngati tinalipira basi kapena lole. Iye anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Ba mudala, ngati muli mu hare kwerani ndeke."

Ndikanamugwira pakhosi, koma a Zulu anandiitana pawindo n'kundipatsa foni yawo. Nambala yachilendo Yotamu anaiyankha.

"Yotamu, mvera, ma waya yaja..."

Anadula. A Zulu anandilanda foniyo n'kuimba okha, ndi mawu okoma ngati akuitana kasitomala.

"Mwana wanga, ine ndine mzimai chabe wa mu basi. Ba mulamu bako bafuna kukuuza chinthu chimozi." Anamvetsera, kenako anayamba kuseka mpaka mapewa kugwedezeka. "Akuti nikuuzeni ati chipuba chili bize."

Kuchoka apo nayonso nambala yawo sinalowenso.

Pakati pa Petauke ndi Nyimba ndinayesa Amake Dali. Kumudzi kwathu netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa sukulu basi, ndipo munthu amene akutsuka miphika ya pamaliro sakhala pachulu. Ndinatsegula maina a m'foni n'kuyamba kutsika nawo, kufunafuna wa ku Kafue amene angathamangire ku Estates. Uyu tinayambana pa nkhani ya mpanda. Uyu ndinamutcha wakuba pamsonkhano wa mpingo. Uyu anasamukira ku migodi. Ndinafika mpaka pa neba wanga wowotcherera zitsulo, n'kumuimbira.

"Lelo mwanikumbuka?" anatero. "Mashini yanga yaleka kudya malaiti yanu?"

Ndinapirira, ndinamufotokozera. Anamvetsera ndithu mpaka kumapeto, kenako anati ali ku Mazabuka, akumanga geti, abwera Lamlungu.

Ku Nyimba amayi a nthochi anazungulira basi, mikoko ili pamutu. A Zulu anagula phava lalikulu n'kundithyolera ziwiri. Sindinadye. Ndinkangoyang'ana dzuwa, limene linali litafika kale pamutu.

Tinatsika mapiri a Kacholola n'kuwoloka mlatho wa Luangwa. Kutsidya tinaima kuti anthu adye. Kutentha kwake kunali kwa m'ng'anjo, fungo la nsomba zowamba lili ponseponse. Ndinakhala pamwala pansi pa mtengo, a Zulu n'kubwera ndi nsomba yawo yokulunga m'pepala.

"Uyo mulamu wanu alibe amake?"

"Ali nabo. Ni nyumba yabo yamene alimo."

"Nanga? Tumirani amake. Kulibe mwamuna wamene sayopa amake."

"Ni apongozi banga."

"So?"

Anafunsa dala, chifukwa yankho ankalidziwa. Apongozi anga ndi a kwa Dedza, anabwera ku Kafue ali mtsikana amuna awo akugwira ntchito ya njanji, koma mwambo sanausiye pa malire. Chikwatire mwana wawo sitinakhalepo pamphasa imodzi, sitinadyerepo pamodzi, sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ya kutchalitchi, iwo amapatukira uku, ine uku, moni n'kuombera m'manja chapatali. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo. Nambala yawo ndinali nayo, koma sindinaimbepo. Mkamwini kuimbira apongozi aakazi pa nkhani ya magemu, anthu akamva angati chiyani?

"Nizafika malaiti yakalibe kubwera," ndinatero.

"Mulungu akuthandizeni," anatero a Zulu akuchotsa minga.

Sitinapite patali. Tikukwera Manenekera, pamene msewu umakhotakhota chigwa chili pansi, injini inayamba kulira mwachilendo. Nthunzi inatuluka kutsogolo. Dalaivala anaimika pambali, kondakitala n'kudumpha kukaika miyala kumatayala. Paipi ya madzi inali itaphulika.

Tinatsika tonse. Panalibe nyumba, panalibe wogulitsa kanthu, mitengo youma yokhayokha ndi nyenje zikulira. Ndinayang'ana foni: netiweki palibe. Ya a Zulu palibe. Kondakitala ananyamula zigubu n'kutsetsereka kukafuna madzi kumtsinje, dalaivala akudula chubu chakale kuti amangire paipiyo. Amuna ena anamuzungulira kumulangiza, aliyense ndi nzeru yake. Malole ankadutsa akubuula, osaima. Mwana wina analira mpaka kutopa. Ine ndinkayenda uku ndi uku m'mphepete mwa msewu, foni ili m'mwamba ngati ndikuopseza nayo mbalame.

Mthunzi wa basi unayamba kutalika. Apa ndipo ndinazindikira kuti ngakhale atakonza nthawi yomweyo, ku Kafue sindingafike magetsi asanabwere. Ku mlatho kuja netiweki inali yodzaza, ndipo ndinaiwononga ndi manyazi.

Ndinawoloka msewu n'kuyamba kukwera phiri, nsapato za pamaliro zikuterereka pamiyala. Minga inandikola buluku. Chapamwamba, pa thanthwe lina lotentha, kamzere kamodzi kanatulukira pafoni. Ndikasuntha phazi kankasowa. Ndinaima chilili, ndinapuma, n'kuimba.

Inalira nthawi yaitali.

"Halo? Ndani?"

"Ndine, apongozi. Atate ake a Dali."

Anafunsa mwamantha.

"Kwagwanji? Mwana wanga ali moyo?"

"Ali bwino, apongozi, ali bwino ndithu. Palibe zovuta za mtundu umenewo. Pepani kuti ndakuimbirani."

Ndinapezeka kuti ndanjuta pa thanthwepo, chipewa chili m'manja, pakati pa tchire pamene panalibe wondiona. Ndinalankhula motsitsa, mawu amodziamodzi, moti nane ndinadzidabwa. Ndinati makina amene alamu abweretsa kumeneko ndiwo amadyetsa zidzukulu zawo. Ndinati alamu akufuna kuthandiza, koma mawaya amene alumikiza ndi olakwika, ndipo magetsi akangobwera makinawo apsa.

"Iye mwamuuza?"

"Ndinamuuza moipa, apongozi. Sakuyankhanso foni yanga."

"Ndinamva akung'ung'udza." Anapuma. "Ine mawaya sindiwadziwa. Onse ndi akuda."

"Pali chingwe chimodzi chonenepa, chochokera kumakinako kupita pakhoma. Chimenecho chokha mukachichotsa n'kuchisunga, sangayatse."

"Ali patebulo pomwepo, wavula ndi malaya omwe. Magetsi sanabwere, koma nthawi yake ndi ino. Mukuti chonenepa?"

"Chonenepa, cha mano atatu."

Sindikudziwa ngati anamva. Kamzere kaja kanasowa, ndipo sikanabwerenso ngakhale ndinazungulira thanthwe lonse. Kumunsi hutala inalira.

Ndinatsika chothamanga, ndinafika basi itayamba kale kuyenda. Kondakitala anandikokera m'kati ndi kolala.

"Ba mudala, ndeke mwaipeza?"

Ndinadziponya pampando ndikupuma wefuwefu. A Zulu anayang'ana buluku langa long'ambika.

"Mwatuma?"

"Natuma."

"Mwabatukwana?"

"Awe."

"Ninshi mwachita bwino."

Basi inkayenda pang'onopang'ono, ikuima pafupipafupi kuti athiremo madzi. Ku Rufunsa netiweki inabwerera. Ndinaimbira apongozi, foni yawo inali yozima. Ndinayesa ku Chongwe, yozimabe. Munthu akakhala wopanda chochita mutu umapeka zinthu. Mwina chingwecho sanachipeze. Mwina Yotamu anawalanda. Mwina khadi yapsa kale ndipo azimitsa foni chifukwa sakudziwa kuti andiuza bwanji.

Mu Lusaka tinalowa nthawi yoweruka, magalimoto atathinana kuyambira ku Chelstone. A Zulu anatsika kusiteshoni ndi matumba awo, anandipatsa nthochi zotsala n'kunena kuti ndikapereke moni kwa chipuba. Ndinadula m'misewu wapansi kukafika pokwerera maminibasi a ku Kafue. Imene ndinaipeza inali ndi anthu ochepa, ndipo dalaivala anali kudya chimanga chootcha panja. Tinadikira kuti idzaze. Itadzaza tinadikiranso kuti amangirire matiresi a munthu wina kumbuyo. Ndinaluma mlomo, chifukwa ndinadziwa kuti ndikangoyamba mkangano tichedwa koposa.

Tikudutsa ku Chilanga ndipo chinthu china chinandigwera m'mutu. Ketulo ya magetsi imene Amake Dali anagulira amayi awo ili ndi chingwe chofanana ndendende ndi cha kompyuta. Yotamu amadziwa zimenezo, chifukwa ku shopu tinabwerekapo cha ketulo tsiku lina. Ine ndinauza apongozi za chingwe chimodzi chokha.

Kupitirira Shimabala kunja kunayamba kuchita mdima. Titayandikira Kafue ndinaona zimene ndinkaopa: mbali ya Estates nyali zili ngwee, nyumba ndi nyumba. Ndinatsika pamphambano n'kuyenda chothamanga, chikwama chikundimenya msana.

Pakhomo pa apongozi munthu sungangolowa, ngakhale mtima ukuphulika. Ndinaima pabwalo n'kuombera m'manja.

"Odi."

Ndinkanunkhiza mpweya ngati galu. Chinthu cha magetsi chikapsa fungo lake silibisika, limakhala m'nyumba mpaka mawa. Ndinangomva la tinsomba ta kapenta tokazinga kuchokera kwa aneba.

Yotamu anatsegula chitseko, nkhope ili gwa. Sanandipatse moni. Anangopatuka kuti ndilowe.

Kompyuta inali patebulo, yotsegula m'mbali. Pawa sapulai yatsopano inali itamangidwa kale m'malo mwake, mawaya akale onse atalowetsedwa, wa ku khadi womwe. Chosowa chinali chingwe cha pakhoma basi. Nyumba inali zii, wailesi yakanema yosayaka. Pakona, pamphasa, apongozi anakhala atayang'ana kukhoma, ndipo anali atakhalira mtolo wa chitenje.

"Bachosa yonse," anatero Yotamu. "Ya mashini, ya ketulo, ya wailesi, na aironi yonse baimanga mwamene umo. Na chaja ya foni yabo. Nayenda kubwereka kwa ba neba, napeza bauziwa kudala ati osanipasa."

Ndinanjuta pafupi ndi chitseko n'kuombera m'manja. Apongozi anayankha ndi manja awo, osacheuka.

Ndinasamba m'manja n'kuyamba ntchito. Ndinazula waya wakale ku khadi, ndinazula ena onse ku bodi yaikulu ya m'kati ndi ku disiki yosungira magemu, koma wa khadi uja ndinausiya wolumikiza ku bokosi latsopano kuti tione. Apongozi anamasula mtolo, anatulutsa zingwe ziwiri zonenepa n'kupatsa mwana wawo, iye n'kundipatsa chimodzi. Pa pulagi yaikulu yatsopano ndinalumikiza timabowo tiwiri ndi kawaya kopinda, kuti bokosilo liyake palokha popanda kompyuta. Fani inazungulira. Ndinapatsa Yotamu mita.

"Gusa apa. Pafunika kunkhala zilo."

Anagusa pa waya wakale uja. Nambala inakwera mpaka khumi ndi ziwiri. Anagusanso, chimodzimodzi. Anayang'ana khadi, anayang'ana waya uli m'manja mwake, n'kuuika patebulo pang'onopang'ono.

"Sembe munakamba chabe so, osati kunitukwana," anatero.

Mawu oyankha ndinali nawo ambiri, koma apongozi anali pomwepo. Ndinatsegula thumba la mawaya atsopano amene anabwera ndi bokosilo, Yotamu akundiunikira ndi foni, n'kuwalowetsa limodzilimodzi. Pomaliza ndinayang'ananso pulagi iliyonse, n'kudina batani.

Mafani anazungulira. Sikirini inayaka. Ndinatsegula gemu ya magalimoto, ija imene inkaizimitsa nthawi zonse, n'kumupatsa Yotamu kuti ayendetse, ine mita ili pa waya wachikasu. Khadi inayamba kutulutsa mphepo yotentha. Galimoto inazungulira bwalo, inazunguliranso. Nambala sinagwe.

Ndipo apongozi analankhula, nkhope ikadali kukhoma.

"Yotamu, uwauze alamu ako kuti mawu awo ndawamva bwino lero. Si oipa akamalankhula motsitsa."

Yotamu anandiyang'ana, maso akuseka. Sanabwereze, ankadziwa kuti ndamva. Ine ndinafunafuna poyankhira, ndipo njira inali imodzi yokha, munthu yemwe uja ndinamutukwana ku Katete.

"Ba mulamu," ndinatero, "bauzeni ati zikomo kwambiri."

Iye anabwerera ku gemu yake, galimoto ikukhota pakona.

"Bauzeni mweka. Namba yabo muli nayo."